Tambala Wachitsulo m'Chitini cha Agogo

Wambani ng'oma pamoto, achimwene, chikopa chalefuka ndi chinyezi. Matani phula pakati pa mbalule kuti ilankhule momveka, chifukwa amene ndikumuitana lero ndi wamng'ono, ndipo makutu ake anatsekeka ndi dzimbiri. Gunda akhale pambuyo, azingovomera. Inu ana a pa Chinsapo senderani kuno, koma musaponde mphasa, pali chitini cha agogo anu.

Tiye nayo. Kwindi, kwindi, kwindinde!

Ndiwe, Kakobiri! Mwana wa ng'anjo, mdzukulu wa nyundo. Wobadwa ndi kumenya kumodzi, wopanda mchombo, wosakhala m'chikuta. Nkhope-ziwiri wosatembenuza khosi. Kamlendo kosagona nyumba imodzi kawiri. Wochoka m'manja mwa mkulu wa mpingo m'mawa, madzulo n'kukapezeka pa kachasu ku Mgona usanasambe. Bwenzi la mfundo ya chitenje, mlamu wa thumba lobooka. Iwe amene ukagwa pa simenti, ngwee, anthu khumi amatembenuka, ngakhale amene anachoka kunyumba opanda kanthu.

Dzina lako lalikulu ndi Ndalama, ndipo linabwera pa ngalawa. Odziwa mizu ya mawu amati linachokera kwa amalonda achiarabu owerenga ma dirham, iwonso atabwereka kwa Agiriki a drachma. Usanafike iwe, makolo ankagulana ndi makasu, mchere, nsalu ndi mikanda. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, ofukula pansi anapeza mikanda yagalasi, mkuwa ndi zidutswa za mbale za ku China. Khasu linalibe nkhope ya munthu. Wina akalikana pa malonda, mwini wake ankabwerera nalo kumunda n'kukalimira. Nanga iwe, Kakobiri, akakukana umalima chiyani?

Gwedezani chitinicho timve. Wekechere, wekechere. Chinali cha polishi wa pansi, ndipo fungo lake silinathebe. Agogo anga a Naphiri anabwera nacho ku Kawale zaka zimene boma linkasamuka ku Zomba, likulu lisanakhazikike kuno mu 1975, amuna awo atapeza ganyu ya kuponya njerwa ku Capital Hill. Khuthulirani pa mphasa.

Tuluka woyamba, Wachibowo! Peni ya Chitaganya, Diso-limodzi, mphete yosalowa chala. Njovu zako ziwiri zaimirira ndi miyendo yakumbuyo, zikuyang'anizana, pakati pawo pali bowo. Mfumukazi Elizabeth anakusiyira dzina ndi chisoti chokha, nkhope yake anakaiika pa tiki ndi pa sheleni pamene panalibe chibowo choti chimudye mphuno. Mdzukulu wa masheleni atatu a msonkho wa nyumba, aja anatulutsa amuna m'midzi kukathyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena mpaka ku migodi ya ku Joni. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinabadwa mu 1953 n'kufa mu 1963, koma iwe unapulumuka chifukwa cha bowo lakolo. Agogo anakupisa chingwe, nakumanga m'chiuno mwa mwana wodwaladwala. Mwanayo ndi amayi anga. Boma limene linakusula linatha, mwanayo anachira, ndipo sindidzakangana ndi aliyense kuti chinamuchiritsa n'chiyani.

Ng'oma itsike pang'ono, achimwene. Mpanje yokha iziyenda. Ndifuna ndiitane amalume a kakobiri aka, akutali, a kutsidya kwa nyanja zambiri.

Ndili ku sekondale, m'zaka za m'ma 1980, panali bambo mfumu wina wokalamba amene ankatiphunzitsa mbiri yakale. Tsiku lina anapisa m'thumba la mkanjo natulutsa kandalama kotuwa, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Sananame, anatiuza kuti kanali kongoyerekeza, anakagula m'sitolo ya alendo ku Rome. Kanayenda m'manja mwathu kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo pobwerera kwa mwini wake kanali katafunda ngati dzira lotola kumene.

Ndiwe, Denarius! Siliva wa Aroma, malipiro a tsiku la waganyu, chakudya cha msilikali. M'masiku a Augustus msilikali ankalandira anzako 225 pa chaka, n'kumayenda nawo wapansi kuchokera ku Spain mpaka ku Syria. Wobadwira pa phiri la Capitol pafupi ndi kachisi wa Juno Moneta, mulungu wamkazi amene dzina lake Angerezi amatchulira ndalama mpaka lero. Wayilesi ya dziko lopanda wayilesi, nyuzi ya anthu osadziwa kuwerenga. Mlimi wa azitona amene sanapondepo mu Rome ankadziwa mphuno ya mfumu yake, ankadziwanso ikasintha, chifukwa iwe unkafika pamsika ndi mphuno ina.

Ndiwe Njovu ya Julius Caesar, yoponda njoka, yosulidwa m'chaka cha 49 Yesu asanabadwe kuti alipire asilikali amene anawoloka nawo mtsinje wa Rubicon kukamenyana ndi abale awo. Kufikira nthawi imeneyo, ndalama za mu mzinda wa Rome zinkanyamula milungu ndi makolo amene anafa kale. Munthu wamoyo sankadziikapo. Caesar anadziika kumayambiriro kwa chaka cha 44, khosi lake lalitali lamakwinya, nkhata ya masamba kumutu, m'mbali mwake mawu awiri ofupikitsidwa. Bambo mfumu anawalemba pa bolodi ndi choko: DICT PERPETVO. Mnzathu wina wakutsogolo anafunsa tanthauzo lake. Nkhalamba ija inayang'ana pakhomo, inayang'ana pa zenera, kenaka inanena chapansipansi kuti ndiye kuti wolamulira wamuyaya. M'kalasi munangoti zii. Pamwamba pa bolodi panali chithunzi, ndipo palibe anakweza maso. Bambo mfumu anafufuta mawu aja ndi dzanja la mkanjo, napitiriza kunena kuti pa 15 Malichi chaka chomwecho munthu uja anabayidwa ndi anzake m'nyumba ya malamulo. Izi anazinena mofulumira, akuyang'ana pa wotchi.

Ndiwe Mipeni-iwiri ya Brutus, yosulidwa patapita zaka ziwiri, chipewa cha kapolo womasulidwa pakati, tsiku la kupha litalembedwa pansi ngati tsiku la ukwati. Koma tembenuzani kandalamako muone. Kumbuyo kwake kuli nkhope ya Brutus mwini, wamoyo, ndevu zili pamasaya. Anapha fisi, n'kuvala chikopa cha fisiyo.

Ndiwe Ng'ona ya Augustus, yolengeza kuti Egypt wagwidwa. Ndiwe Mayi wolira pansi pa kanjedza, amene Vespasian anakusula mu 71 Jerusalem atagwa, kuti wogula mkate aliyense azigwira misozi ya Ayuda ndi zala. Ndiwe Africa wa pa ndalama ya Hadrian, mkazi wogona chammbali, chikopa cha mutu wa njovu chili kumutu, chinkhanira m'dzanja, dengu la tirigu kumapazi. Umo ndi mmene ankationera: nkhokwe yoluma. Komatu tsiku lina mwana wa ku Leptis Magna, ku Libya wa lero, Septimius Severus, anakhala pa mpando mu 193, ndipo ndevu za munthu wa mu Africa zinayenda pa siliva mpaka ku Britain.

Ndipo ndiwe wa Tiberius, amene amayi a Mvano amakudziwa osakuona. Iwe amene ambiri amati unaperekedwa m'manja mwa Yesu tsiku lomwe anamutchera msampha wa msonkho, iye n'kufunsa za mwini nkhope. Omasulira Buku Lopatulika anakubatiza dzina la kuno, rupiya latheka, kuti agogo athu akumve. Chimene sichinenedwa kawirikawiri pa guwa n'chakuti mawu ozungulira nkhope ija ankamutcha Tiberius mwana wa Augustus amene anasanduka mulungu. Kandalama kaja kanali kafano kam'thumba, ndipo ofunsa aja anali nako.

Tsopano kwezani! Mbalule ilire, tete alowe, manja awombe. Kwindinde, kwindinde, pha!

Tuluka, Tambala! Tambala wakuda, wolira kusanache, wodzutsa Nyasaland. Unayamba kuonekera pa sikisipensi ya 1964, pamodzi ndi sheleni ya chimanga ndi masheleni awiri a njovu. Mu Febuluwale 1971 paundi inapuma, inabereka makwacha awiri, kwacha iliyonse n'kubereka matambala 100. Dziko lina limatcha ndalama zake dzina la sikelo kapena la chisoti cha mfumu. Ife tinatcha zathu mfuu ya pamsonkhano ndi nkhuku ya chipani. Abale athu a ku Zambia anali atayamba kale mu 1968, kwacha ndi ngwee.

1 tambala, Kofiira, tambala mwini. 2 tambala, kambalame ka mchira wautali kopitirira thupi lake, kokoka mkanjo ngati mkwatibwi. 5 tambala, Chimeza, Miyendo-ya-bango, woima m'dambo osanyowa mimba, wodikira nsomba mosatopa monga amayi pa mzere wa madzi. 10 tambala, Chimanga-chomangidwa, nkhokwe ya m'dzanja. Agogo anakutcha sheleni mpaka tsiku la imfa yawo, ndipo sankalakwa, pakuti unalowa m'malo mwa sheleni, msinkhu womwewo, chimanga chomwecho. Aroma nawo ankasula Annona, mkazi wonyamula ngala za tirigu pafupi ndi muyeso wa mbewu, kuti anthu a mu mzinda adziwe amene amawadyetsa. Mfumu iliyonse imafuna kuti ukamatafuna uziikumbuka. 20 tambala, Njovu ndi mwana wake, Mlemera-thumba, ndalama imene mwana akaitola pamsewu ankayamba wayang'ana uku ndi uku.

Tembenuzani zonsezo. Nkhope ndi imodzi.

Ngwazi. Mkango. Nkhoswe ya mbumba. Dokotala wobwera pa ndege ku Chileka pa 6 Julaye 1958. Pa ndalama sanavale chipewa chake, litchowa silikuoneka, wangoyang'ana kumbali monga mafumu onse a pa zitsulo amachitira, osakuyang'ana iwe amene wamugwira. Mafumu a Aroma ankadzaza m'mphepete mwa ndalama ndi maudindo mpaka malo kuchepa, n'kumadula mawu pakati: mkulu wa ansembe, tate wa dziko, wopambana nkhondo kakhumi. Wosula ndalama ya Kamuzu sanavutike choncho. Analemba liwu limodzi pafupi ndi mutu, Malawi, basi. Amene akufuna kudziwa ngati limenelo ndi dzina la dziko kapena la munthu, adzifunse yekha. Ndipo chaka chomwe kwacha inabadwa, 1971, ndi chaka chomwe mwini nkhope analengezedwa kukhala Pulezidenti Wamuyaya. Bambo mfumu uja ankadziwa chimene ankafufuta pa bolodi.

Mayi wa ku Kawale ankagula khadi la chipani ndi ndalama ya nkhope yake, kuti anyamata a yunifolomu yofiira amulole kulowa mu msika. Ankavala nsalu ya nkhope yake, n'kukwera lole kukavina pamaso pa nkhope yeniyeniyo. Agogo ankazinena zonsezi, koma ukafuna kuwakokera kuti atukwane, ankatola 10 tambala n'kukuonetsa. Ankati, mwanawe, kameneka ndinkapita nako ku msika n'kubwera ndi ndiwo, chenji n'kumanga pa chitenje. Ndinkakangana nawo ndili mnyamata wa magazi otentha, ndinkawauza za anthu otsekeredwa ku Mikuyu ndi ku Dzaleka popanda mlandu. Ankavomera zonse, osabweza kandalama m'chitini mpaka nditavomeranso zawo. Lero ndimaona kuti tonse tinkanena zoona, aliyense atagwira mbali yake ya kobiri limodzi.

Kenaka unakula, Tambala, unakwera pa 1 kwacha yachitsulo, yachikasu ngati uchi. Sunadziwe kuti kwatsala nthawi yochepa. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Pa 14 Juni 1993 anakuika pa bokosi, pambali pako anaika nyali. Kuno kuchigawo chapakati ambiri anakuponyera iwe, tisabise, koma dziko lonse litawerengedwa nyali inapambana. Pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho, ndipo posakhalitsa osula anasula mutu wina. Pa 1 tambala tambala anachotsedwa, panalowa nsomba ziwiri. Pa 1 kwacha panatera nkhwazi. Dzina lokha linatsala. Tambala wopanda tambala, nkhuku ya mamba, wolira pansi pa madzi! Ndani winanso pa dziko lapansi amene amatchedwa nkhuku ali nsomba?

Aroma akakwiyira mfumu yakufa sankachita manyazi. Ndalama zamkuwa za Caligula analamula kuti zisungunulidwe. Caracalla atapha m'bale wake Geta mu 211, anamufufuta pa miyala ndi pa zithunzi, ndalama za nkhope yake n'kuziponya m'ng'anjo. Ife sitinasungunule munthu. Amati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma m'mfundo ya chitenje cha agogo, Kamuzu ndi Muluzi ankagona chogundana mphumi, wekechere wekechere, mpaka pa chigayo cha ku Biwi, ndipo wachigayo ankalandira onse awiri osafunsa chipani.

Mu 1997 pa ndalama zapepala panabwera munthu amene sangapikisane ndi aliyense pa chisankho. John Chilembwe, wa ku Mbombwe, Mbusa wa mfuti, wowomberedwa mu Febuluwale 1915. Ndalama zachitsulo nazo m'kupita kwa nthawi zinavula mitu ya atsogoleri n'kuvala chishango cha dziko, mkango uku kambuku uku. Bingu wa Mutharika sanadziike pa ndalama. Iye anakagwira mbendera mu 2010, nasandutsa dzuwa lotuluka kukhala lathunthu, ndipo patangopita zaka ziwiri dzuwa linabwerera pamene linali.

Vomerani, gunda, pakuti ndikuitana a mapepala a 2012, ngakhale sali m'chitini muno. Iwo salira akagwa, koma ndi abale.

Inkosi ya Makhosi M'mbelwa yachiwiri pa K20, mfumu ya Angoni a ku Mzimba, lero yofewa ngati tsamba la nkhwani lofota, yoyenda m'manja mwa ana ogula masuwiti. Gomani wachiwiri pa K50, wa ku Lizulu, wokana Chitaganya mpaka atsamunda kumuchotsa pa mpando mu 1953. James Sangala pa K100, mmodzi mwa oyambitsa Nyasaland African Congress mu 1944. Ndipo inu amayi, Rose Chibambo pa K200, ng'oma ikupatseni ulemu wanu wonse. Munatsekeredwa ku Zomba mu 1959 muli ndi khanda, munakhala mayi woyamba m'boma la nduna, munathawira ku Zambia nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964. Munaiona nkhope yanu pa ndalama muli moyo, pakuti munatisiya mu 2016. Ndipo taonani nthabwala ya chikwama: amene anakuthamangitsani ali momwemo, pa K1,000, ndipo kuyambira 2022 pa K5,000. Madzulo alionse kondakitala wa minibasi ya ku Area 23 amakupindani pamodzi pakati pa zala, wothamangitsa ndi wothamangitsidwa, mfumu ya ku Lizulu ndi mbusa wa ku Chiradzulu, n'kukupanani ndi chala chachikulu uku akukuwa kuti m'tauni, m'tauni, wotsala mmodzi. Msonkhano umene unakanika pa moyo umachitika tsiku ndi tsiku m'dzanja la thukuta.

Mfumu ya Aroma ikafa anthu akuikonda, ankaisandutsa mulungu, n'kusula ndalama ya chiombankhanga chotambasula mapiko, chonyamula mzimu wake kupita kumwamba. Ife Kamuzu anamwalira pa 25 Novembala 1997, atatsika kale pa ndalama, anagona zaka, kenaka anamumangira chiliza cha miyala yonyezimira ku City Centre, n'kubwerera pa pepala lalikulu kuposa onse. Nkhwazi yathu ili pa 1 kwacha, yatambasula mapiko nayonso. Kaya yanyamula ndani.

Apa ng'oma ilire pansipansi, ngati ya pamaliro, chifukwa ndifika pa matenda a m'banja lanu, inu makobiri nonse, a ku Rome ndi a ku Chinsapo. Matenda ake ndi kuwonda.

Nero anayamba mu 64, chaka chimene mzinda unapsa. Anachepetsa siliva pang'ono, kulemera pang'ono, pamene khosi lake pa ndalamapo linkanenepa chaka ndi chaka. Caracalla mu 215 anatulutsa ndalama yatsopano, nati iyi ndi ma denarius awiri, koma siliva wake anali wa imodzi ndi theka. Anangoiveka mfumu chisoti cha cheza cha dzuwa kuti anthu azisiyanitsa. Pofika masiku a Gallienus, cha m'ma 260, ndalama ija inali mkuwa wongopakidwa siliva pamwamba, ngati mkazi wa njala wodzola mafuta kumaso. Chisoti chikukulirakulira, mawu olonjeza mtendere ndi chipambano akuchuluka, siliva akutha. Diocletian mu 301 analemba pa miyala mitengo ya zinthu zoposa chikwi, kuyambira tirigu mpaka malipiro a wometa, nati wokweza mtengo aphedwe. Amalonda anangobisa katundu.

Kodi si nkhani ya kwathu imeneyi? Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa. Mu Meyi 2022 inadulidwa ndi 25 pa 100 aliyense. Mu Novembala 2023 inadulidwa ndi 44. A Reserve Bank amalengeza ku City Centre m'nyumba yawo ija yotambalala kumwamba, yopanikiza pansi, koma amene amamasulira chilengezocho m'Chichewa ndi amayi a tomato a pa Nsungwi ku Area 25. Iwo sasula ndalama, amasula mulu. Dzulo mulu unali wa tomato asanu, lero anayi, ndipo wachinayiyo wabisala pansi chifukwa ndi wovunda mbali. Kathumba ka ufa ka wokumani kamafupika ngati kandulo. Mafuta ophikira amathiridwa m'kapepala kopyapyala ngati chala. Wamakala ku Mgona amamanga jumbo pamwamba pali makala, pansi pali fumbi. Nero ankaba siliva m'ndalama. Kuno ndalama imakhala yomweyo, chimene chimabedwa ndi nsima.

Mu Januwale 2007 munatuluka inu a mitundu iwiri, K5 ndi K10, Mphete-m'kati-mwa-mphete, Ng'amba-thumba, olemera ngati mwala wa gulaye. Mu 2012 anakubwezani ang'onoang'ono, opepuka, nkhwazi, chimeza ndi njovu zitafinyidwa ngati zachapidwa ndi madzi otentha. Ndinaona ndi maso anga pa siteji ya ku Biwi mayi wina akuwerengera kondakitala ma K10 achitsulo odzaza dzanja. Mnyamatayo anawayang'ana ngati wapatsidwa mphemvu, nati, mayi, izi kapatseni ana azisewera. Mayi uja anati ndi ndalama za boma. Iye anati, ndiye kakwereni boma. Minibasi yonse inaseka, mayi uja nayenso anaseka, koma anatsika. Palibe lamulo linakuchotsani, inu makobiri. Pa pepala mukadali ndalama. Anakuchotsani ndi kondakitala, ndi wogulitsa mandasi, ndi mwana wa zaka zisanu amene ukamupatsa amakubwezera. Kaisara amasula, Ngwazi imasula, banki imasula, koma womaliza kulankhula ndi mayi wokhala pa chigubu kumbuyo kwa mulu wa bonongwe, akapukusa mutu.

Komabe sindinakuitane kuti ndikulire, Kakobiri. Imbani mokweza, achimwene, titamande ntchito zake za ukalamba!

Wokala mayunitsi! Iwe amene sungagule mayunitsi koma popanda iwe nambala sioneka. Sikuludiraiva wa amphawi, wotsegula kumbuyo kwa wayilesi ya agogo. Woweruza wa pa bwalo la fumbi, woponyedwa m'mwamba ndi refa kuti anyamata a Kawale ndi a Chilinde adziwe oyamba mpira. Mlowa-m'malo wa njere yotayika pa bawo. Wozizira pa mphumi ya mwana wotuluka kamfuno. Chenji chimene sitolo zikuluzikulu zimasandutsa switi. Wosaponyedwa pa ukwati, chifukwa posupa pamafunika zouluka, ndipo iwe ukaponyedwa umatupitsa mkwatibwi chikope. Ndipo ku Biwi, pakati pa magalaja, pamene nthaka inada ndi oyilo, ndinapeza makaniko wina atakupana pa chitsulo, akukuboola pakati ndi dirilo. Anati washa wa bawuti ku sitolo ndi wodula kuposa iwe. Nkhwazi inabooka pamimba, iye anapemerera tizidutswa, nakumanga pansi pa minibasi. Wabwerera kukhala Wachibowo, mdzukulu wa peni ya Chitaganya! Minibasi imene inakukana pakhomo ikuyenda lero chifukwa waigwira kunsi.

Adzukulu ako alibe thupi. Amakhala mu foni, Mpamba ndi Airtel Money, amayenda usiku kuchokera ku Johannesburg kufika ku Area 23 osadutsa pa Dedza. Alibe nkhope ya mfumu, alibe njovu, alibe fungo. Sungawamange pa chitenje, sungawapise chingwe, sungawaike m'chitini kuti mdzukulu adzagwedeze. Netiweki ikathawa amathawa nayo. Patapita zaka zikwi ziwiri, mlimi wa ku Britain akamalima amatolabe Hadrian m'nthaka, mphuno ili chilili. Kaya wolima pa Chinsapo adzatola chiyani cha ife.

Bwera kuno iwe, Nachisale wamng'ono, watola chiyani pa mphasapo? Onetsa. Ndi 20 tambala, ya 1971. Njovu ikuoneka, mwana wake akuoneka. Tembenuza. Ukuti ndani ameneyu? Yang'anitsitsa. Khutu linatha, tsitsi linasalala, diso latsala ngati kadontho. Sanamufufute ndi lamulo ayi. Ndi chala cha agogo ako aakulu, ndi zala za ogulitsa usipa, za amatikiti a basi, za ana otumidwa mchere, aliyense anachotsapo kafumbi kake osadziwa. Ika pa chikopa cha gunda apa. Achimwene, menyani pang'onopang'ono. Waona? Akuvina. Njovu, mutu, njovu, mutu, akudumpha yekha, ndi, ndi, ndi. Kale ankakhala pa nsanja ena akuvina.

Ukuti ukagulire filizesi? Pita, okala ya pakona sinatseke. Thamanga.

Imbanibe, achimwene, timudikire. Kwindi, kwindi. Uyo akubwera, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lafumbata. Akuti chiyani a muokala? Akuti anaitana mkazi wawo kuti adzaone, ndipo onse awiri anaseka, kenaka bamboyo anaigwira nthawi yaitali osalankhula asanakubwezere. Bweretsa kuno. Yafunda.

Ponya m'chitini, tseka bwino. Chikopa chazizira, achimwene, kabwezereni pamoto.